Ulendo wa ku Egypt Uyambira kwa Telala

Amayi ambiri a dera lathu lino amadziwa maulendo a mitundu itatu yokha: wa kumaliro, wa kuchipatala kukadikirira wodwala, ndi wa kukapikula katundu wa malonda. Pa maulendo onsewa mayi amanyamuka mtima uli m'mwamba, nabwerera ali wotopa, osaonako kanthu panjira. Ulendo wongopita kukaona dziko la eni, kukaima pamalo otchuka ndi kudyetsa maso, timauyesa wa azungu ndi wa mabwana. Gulu lathu la amayi lidagwirizana mu 2022 kuti nafenso tiuyendeko ulendo wotere kamodzi mawondo asanayambe kukana. Tsono popeza tsiku lonyamuka layandikira, ndati ndilembe m'mene kukonzekera kwayendera, kuti amayi anzanga a m'magulu ena amene ali ndi maganizo omwewa apeze poyambira. Tikupita ku Egypt mu Novembala, tilipo amayi 9.

Dzina la Egypt lidatuluka pakamwa pa amayi abusa. Ambirife tidakula tikumva za Aigupto: kumene Yosefe adagulitsidwa, kumene Mose adaleredwa m'nyumba ya Farao, kumenenso Mariya ndi Yosefe adathawira ndi Mwana. Ena tinkayesa kuti dzikolo lidatha kalekale pamodzi ndi afarao ake, monga amathera maiko a m'nthano. Koma lilipo, lili mu Africa mwathu momwe muno, ndipo anthu ake adapitirira 100 miliyoni mu 2020. Pafupifupi onsewo amakhala mothinana m'mbali mwa mtsinje wa Nile, pakuti kwina konseko ndi chipululu cha mchenga ndi miyala. Unyinji wa anthu a kumeneko ndi Asilamu. Akhristu, amene ambiri ndi a mpingo wakale wa Coptic, ndi ngati mmodzi mwa anthu khumi alionse. Gulu lathu si la mpingo umodzi. Muli a Mvano, muli Akatolika, muli Asilamu awiri, ndipo aliyense adapeza chake chofuna kukaona.

Tidayamba tili amayi 14. Mwezi ndi mwezi aliyense ankaponya kangachepe m'thumba lapadera, losiyana ndi la banki mkhonde, ndipo tidapangana kuti thumba limeneli silikongozedwa ngakhale wina alire chotani. Zinkayenda bwino kufikira mu Novembala 2023, pamene kwacha idachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti. Tikiti ya ndege ndi hotela amaziwerengera m'madola, motero ndalama zimene tinkayesa zafika m'chiuno zidabwerera m'mawondo usiku umodzi. Amayi asanu adaona kuti sangathenso, ndipo tidawabwezera zawo zonse popanda kudulapo kapena kuwanena. Otsalafe tidasuntha ulendo, tidaufupikitsa kukhala wa masiku 8, ndipo tidachotsamo Aswan, kumene poyamba tinkafuna kukafika. Pa za ndalamazi ndingolangiza ziwiri. Ndalama zakunja mukazipemphe ku banki nthawi ikadalipo, mutanyamula pasipoti ndi tikiti, pakuti sizipezeka tsiku limene mwazifuna. Ndipo wokonza ulendo amene mtengo wake watsika kwambiri kusiyana ndi anzake, mumuyang'ane kawiri. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ife tidalipira kudzera ku banki, ndipo mayi msungichuma ali ndi lisiti ya tambala iliyonse.

Ndalama zitayamba kuonekanso, padabuka mlandu wa abambo. Sindikuwanena, pakuti mantha awo adali ndi pogwira. Mu 2024 dziko lonse lidamva za amayi a kuno kwathu amene adatengedwa kukagwira ntchito za m'nyumba ku Oman, nalandidwa mapasipoti, nazunzidwa. Ndipo kwa munthu wa kumudzi maiko onse a Aluya ndi amodzi. Enanso ankamva za nkhondo ya ku Gaza imene idayamba mu Okutobala 2023, ndipo atauzidwa kuti Gaza adachita malire ndi Egypt, adangoti basi, mkazi wanga sapita. Tidaitanitsa msonkhano wa mabanja onse, tidapemphanso a shehe ena a m'dera lathu, amene adaphunzira zaka zingapo ku Al-Azhar mumzinda wa Cairo, kuti adzayankhe mafunso. Iwo sadabise kanthu. Adati chigawo cha kumpoto kwa Sinai n'chosayenera mlendo, nakumbutsa okha za Novembala 1997, pamene zigawenga zidapha anthu 62 pa kachisi wina ku Luxor. Koma adatinso malo amene ife tikupita ali kutali ndi malire a Gaza, kuti kuli apolisi apadera oyang'anira alendo, ndiponso kuti anthu mamiliyoni amapita kukaona malowa chaka ndi chaka nabwerako bwinobwino. Bambo wina wachikulire adafunsa kuti, "A shehe, mukadakhala inu, mayi a kunyumba kwanu mukadawalola?" Iwo adaseka, nati mayiwo adakhala nawo ku Cairo zaka zonsezo, ndipo njira za kumsika ankazidziwa kuposa iwo. Tsiku lomwelo tidamanga mfundo yakuti pasipoti ya mayi aliyense idzakhala pathupi pake, yosasungitsa kwa munthu wina, ndipo palibe adzakwere ndege asanaone ndi maso ake tikiti yobwerera nayo.

Kuyambira pamenepo mayi a kwa shehe adasanduka mphunzitsi wathu. Choyamba chimene adatiuza n'chakuti tisayerekeze kupita pakati pa Juni ndi Ogasiti. Pamene kuno tikufunda mabulangete ndi kuotha moto, kumeneko ndiye dzuwa likuswa mtengo, ndipo ku Luxor kutentha kumapitirira madigiri 40 masana. Mnzathu wina wochokera ku Nsanje adati iye kutentha sakuopa, adabadwira momwemo. Adamuyankha kuti, "Achemwali, kutentha kwa kwanu kumachenjeza, chifukwa thukuta limatsika munthu naliona. Kwa m'chipululu n'kwa kachetechete." Mpweya wa kumeneko ndi wouma kotero kuti thukuta limauma lisanaoneke, munthu nayesa ali bwino pamene madzi akutha m'thupi. Kuchokera Malichi kufika Meyi nakonso kumaomba mphepo yotentha yodzaza fumbi, imene eni ake amaitcha khamsin. Nyengo yokomera mlendo ndi yoyambira kumapeto kwa Okutobala kufika Febuluwale, ndipo ngakhale pamenepo dzuwa la paliwombo si losewera nalo, pomwe usiku kumazizira moti juzi imafunika.

Chinanso choyang'ana pa kalendala ndi Ramadan. Mwezi umenewu si wachilendo kwa ife, popeza tili ndi abale ndi anansi amene amasala kudya, koma ambiri sitidziwa kuti suima pamodzi. Chaka chilichonse umafulumira ndi masiku 10 kapena 11, chifukwa Asilamu amawerenga miyezi yawo poona mwezi wa kumwamba: mu 2025 kumayambiriro kwa Malichi, mu 2026 pakati pa Febuluwale. Mlendo sakakamizidwa kusala nawo. Koma kodi mungapapire bwanji madzi pamaso pa munthu amene sadalawe kanthu kuchokera mbandakucha, amenenso akukutsogolerani padzuwa? Ndipo ife madziwo tiyenera kumwa kosalekeza. Tidaona kuti kuli bwino kuuzemba mweziwo. Dziwaninso kuti tsiku lalikulu la mapemphero kumeneko ndi Lachisanu. Maofesi amapuma Lachisanu ndi Loweruka, ndipo Lamulungu anthu amapita kuntchito.

Tsono nkhani ya zovala ndiyo idatidyera misonkhano itatu yathunthu. Achitsikana a m'gulumu adabwera atamva kuti tikatsika ndege adzatikuta nsalu yakuda kusiya maso okha. Zimenezi si zoona. Ku Egypt kulibe lamulo lokakamiza mkazi kufunda kumutu mumsewu. Amayi ambiri a kumeneko amamanga mpango wophimba tsitsi ndi khosi, ena ochepa amaphimba ndi nkhope yomwe, ndipo enanso amayenda tsitsi lili pamtunda. Nkhaniyi eni ake adayamba kuikambirana kalekale. Mu 1923 mayi wina wotchedwa Huda Shaarawi, amene chaka chomwecho adayambitsa bungwe la amayi a dzikolo, adavula nsalu ya kunkhope pa siteshoni ya sitima ku Cairo anthu akuona. Ine monga woyendetsa gulu la amayi ndidakondwa kumva kuti ntchito yathuyi ili ndi agogo ake kumenekonso.

Chimene mlendo wamkazi ayenera kusunga n'chosavuta: mapewa, chifuwa ndi mawondo zikhale zobisika, ndipo chovala chisagwire thupi. Ife amene tidabadwa m'masiku a lamulo la mu 1973, limene linkaletsa mkazi kuvala buluku kapena siketi yoonetsa mawondo kufikira lidathetsedwa mu 1993, tidangoyang'anana n'kumwetulira, pakuti amayi athu adatilera chomwecho. Komabe ndinene poyera kuti zinthu ziwirizi n'zosiyana. Lija lidali lamulo la boma, lokhala ndi wapolisi kumbuyo kwake, ndipo sindililira. Ichi n'chimene mlendo amasankha yekha polowa pakhomo pa eni, monga m'mene mtengwa amamangira chitenje popita kwa apongozi ngakhale kutauni amavala zina. Kuonjezera apo, chovala chachitali chotaya n'chimene chimaziziritsa thupi m'dziko la dzuwa, osati chachifupi. Amuna ambiri a m'midzi ya ku Egypt amavala mkanjo wofika m'mapazi wotchedwa galabeya, ndipo sauvala chifukwa cha manyazi.

Vuto lenileni lidali nsalu. Zitenje zambiri zimene zadzaza m'misika masiku ano si za thonje. N'zoterera, zosakaniza ndi nayiloni, zokongola m'maso koma zosapitisa mphepo. Munthu atavala zimenezo padzuwa la ku Luxor angakhale ngati mbatata yokulunga m'pepala la pulasitiki. Wogulitsa aliyense amalumbira kuti yake ndi ya thonje, motero ife tidayenda ndi machesi. Mukasolola kaulusi m'mphepete mwa nsalu n'kukayatsa, ka thonje kamapsa n'kusiya phulusa lofewa, kakununkha ngati pepala lopsa. Ka nayiloni kamasungunuka n'kuuma kambulu kolimba. Mwa nsalu zisanu zimene tidayesa tsiku loyamba, ziwiri zokha ndizo zidapambana. Tidasankha za mitundu yowala, kusiya zakuda zimene zimamwa dzuwa.

Kwa telala nakonso kudali nkhondo. Iye adazolowera kutisokera za kuukwati, zothina m'chiuno, za mapewa otukumuka, zoika nsalu ina m'kati kuti ziime. Titamuuza kuti tikufuna madiresi otaya ofika m'akakolo, a manja opitirira chigongono, opanda nsalu ya m'kati, adagwira pakamwa nati, "Amayi, anthu akafunsa kuti wasoka ndani, musanditchule." Tidamuonjezera ntchito ina: kathumba kam'kati, cha pamimba, kokwana pasipoti ndi ndalama, kotseka ndi zipi. Aliyense akusoketsa madiresi atatu, ndipo atatuwo akwanira, pakuti chovala cha thonje ukachapa madzulo kumeneko chimacha chitauma. Chitenje chomanga m'chiuno sitidzayenda nacho, chifukwa pokwera masitepe ndi potsika m'bwato chimamasuka. Koma aliyense adzakhala ndi chimodzi m'chikwama, choti afunde, akhalire, kapena atchinge nacho dzuwa. Nsapato za gogoda zitsala. Tagula zofewa, zotseka zala, ndipo tayamba kale kuyenda nazo m'mawa uliwonse kuti matuza atulukire konkuno. Anthu a m'mudzi amatiseka akationa tandandalika pamsewu ndi mabotolo a madzi m'manja, ena amafunsa ngati talowa usilikali.

Pa msonkhano wachitatu padachitika chinthu chimene chikadatha kuligawa gulu. Titafika pa zokaona mizikiti, mnzathu wina, mayi wolimba pa chipembedzo amene ndimamlemekeza kwambiri, adaimirira nati iye mumzikiti salowa, ndipo mpango sangamange pomvera lamulo la chipembedzo cha ena. M'chipindamo mudangoti zii. Mmodzi wa Asilamu athu aja adayankha motsitsa mawu, nati, "Mayi, pa ukwati wa mwana wanu ndidalowa m'tchalitchi mwanu, ndidakhala pamene mudandikhazika, ndipo ndidatuluka ndili Msilamu." Amayi abusa ndiwo adaziziritsa nkhani. Adatikumbutsa kuti ife eni ake pa Mvano timamanga duku, ndipo adafotokoza zimene adamva za Akhristu a Coptic, amene amakhulupirira kuti mpingo wawo udayambitsidwa ndi Marko Woyera ku Alexandria: amayi awo amafunda kumutu polandira mgonero, ndipo nsapato zimavulidwa pofika pamalo opatulika a m'tchalitchi. Kufunda ndi kuvula nsapato kumeneko ndi ulemu wa nyumba ya mapemphero, kaya ndi ya yani.

Maganizo anga ndi akuti munthu asakakamizidwe pa za chikumbumtima chake. Tidagwirizana kuti wosafuna kulowa adzadikira panja pamthunzi ndi mnzake mmodzi, pakuti palibe adzasiyidwe yekha paliponse. Koma ndimaonanso kuti kupita ku Cairo osalowa mu Al-Azhar, mzikiti umene udayamba kumangidwa mu 970 ndipo wakhala malo a maphunziro zaka zoposa 1,000, kuli ngati kupita ku Mangochi n'kubwerako osaiona nyanja. Olowafe taphunzira mwambo wake: kufunda tsitsi, kuvula nsapato pakhomo, kulankhula monong'ona, kusadutsa kutsogolo kwa munthu amene akupemphera, ndi kupewa nthawi ya mapemphero, makamaka Lachisanu masana. Masokosi ndi ofunika, chifukwa miyala ya pabwalo imatentha. Mnzathu uja mpango wake wasoketsa pamodzi ndi ife tonse. Akuti ndi wa dzuwa, ndipo palibe wamutsutsa.

Za chakudya, padapezeka wina wofuna kunyamula ufa, usipa ndi mthiko. Tidamufunsa kuti akaphikira pati, popeza m'chipinda cha hotela mulibe mafuwa. Masiku 8 opanda nsima sadaphepo munthu. Ndipotu zakudya za kumeneko si zachilendo monga tinkaopera. Ndiwo yawo yotchuka, molokhia, ndi denje lathu lomweli, lodula bwino n'kuphika ndi adyo ndi msuzi wa nyama. Therere lobala amadya. Chakumwa chawo chofiira, karkade, ndi chidede chimene ife timangochilekerera kuseri kwa nyumba. M'mawa amadya nyemba zikuluzikulu zophika mpaka kufewa, zotchedwa ful, ndi buledi waphanthiphanthi. Chakudya cha anthu wamba, chotsika mtengo ndi chokhutitsa, ndi koshari: mpunga, makaroni, mphodza ndi tchana, pamwamba msuzi wa matimati ndi anyezi wokazinga. Kudya ndi kupereka chinthu ndi dzanja lamanja sitichita kuphunzitsidwa.

Choopsa ndi madzi. Tidzamwa a m'botolo lotseka okha, ngakhale potsuka mkamwa, ndipo tidzapewa zipatso zosenda kale ndi masamba osaphika, pakuti kutsegula m'mimba pamwamba pa dzuwa lotere kumagwetsa munthu tsiku limodzi. Aliyense adzanyamula mapaketi a Thanzi. Namwino wina wopuma pantchito adatiphunzitsanso kuti akatha, madzi abwino okwana lita imodzi, masipuni aang'ono 6 a shuga ndi theka la sipuni yaing'ono ya mchere zimagwira ntchito yomweyo. Adatiuza kuti tisadikire ludzu, tizimwa pang'onopang'ono tsiku lonse, ndipo tiziyang'anirana: wina akayamba kudandaula mutu, chizungulire, kapena akaona kuti mkodzo wachepa ndipo wada, apite pamthunzi msanga. Apa pali chinthu chimene amayi timachita mobisa, chomwe ndikuti tileke: kukana kumwa madzi paulendo poopa kusowa kokataya. Zimbudzi m'malo a alendo zilipo, kungoti woyang'anira pakhomo amafuna kandalama, ndipo pepala muyenera kuyenda nalo lanu. M'madzi a Nile ndi m'ngalande zake sitidzaviikamo ndi phazi lomwe. Likodzo limene timalidziwa kunyanja lilinso ndi mbiri kumeneko, moti kanyongolotsi kake kadatulukiridwa ku Cairo komweko mu 1851 ndi dotolo wa ku Germany, Theodor Bilharz, amene dzina lake ndilo lidabala mawu akuti bilharzia.

Atatu mwa ife amamwa mankhwala tsiku ndi tsiku, a kuthamanga kwa magazi, a shuga ndi ena. Onsewa apita kale kwa dotolo kukafunsa za kutentha, ndipo atenga kalata yofotokoza mankhwala awo. Mankhwalawo adzakhala m'mapaketi ake enieni, m'chikwama cha m'manja, osati m'sutikesi imene ikhoza kutsalira pa bwalo la ndege lina. Musanyamulire munthu mankhwala amene simukuwadziwa. Ena ochepetsa ululu, monga tramadol, ndi oletsedwa kwambiri ku Egypt, ndipo mu 2017 mayi wina wa ku Britain adalamulidwa kukhala m'ndende zaka zitatu atapezeka nawo ambiri m'chikwama. Popeza ndege yochokera ku Lilongwe imakasinthira ku Addis Ababa kapena ku Nairobi, m'maiko amene amawerengedwa kuti muli yellow fever, tabayitsa katemera ndi kutenga khadi yake yachikasu kuti pasadzakhale chotibweza. Pasipoti iyenera kukhala ndi miyezi 6 kapena kuposerapo isanathe, ndipo viza ndi yopempheratu nthawi ikadalipo.

Pamsika ndiye sitikuopa. Akuti ku Khan el-Khalili, msika wakale wa mu Cairo, wogulitsa amatchula mtengo wa kumwamba, wogula n'kutchula wa pansi, mpaka akumane pakati. Amayi amene tidakulira pa kaunjika zimenezi ndi ntchito yathu. Chosiyana ndi chakuti kumeneko pafupifupi aliyense wokuthandiza, wonyamula chikwama, wosunga nsapato pamzikiti, amayembekeza kandalama kothokoza kotchedwa baksheesh, motero ndalama zing'onozing'ono zisamasowe m'thumba. Ngamila musakwere musanagwirizane mtengo wokwerera ndi wotsikira womwe. Taloweza mawu ochepa a Chiarabu: moni wa salaam alaikum, amene timamumva kale kuno, shukran, kuthokoza, ndi la, shukran, kukana mwaulemu, amene mayi a kwa shehe akuti tidzawagwiritsa ntchito kuposa ena onse. Mwamuna sitidzayamba ndife kumpatsa dzanja. Kuika dzanja pachifuwa n'kokwanira. Anyamata ena amalankhula zachipongwe kwa akazi mumsewu, monganso kwathu kuno pa depoti, ndipo mankhwala ake ndi kuyenda pagulu osayankha. Sitima ya pansi pa nthaka ya mu Cairo ili ndi mabogi a amayi okhaokha. Munthu sitidzamjambula tisanampemphe, ndipo asilikali, apolisi ndi nyumba zawo sitidzalozetsako foni mpang'ono pomwe.

Nanga tikukaona chiyani? Choyamba ndi mapiramidi a ku Giza, m'mphepete mwa Cairo. Yaikulu, ya mfumu Khufu, idamangidwa zaka zoposa 4,500 zapitazo, ndipo itangomalizidwa idali yotalika mamita 146. Ena mwa ife adali atauza kale adzukulu kuti akukaona njerwa zimene adaumba ana a Israele. Mwana wanga atatiwerengera zimene akatswiri adapeza, padali kukhumudwa pang'ono: mapiramidi a ku Giza ndi a miyala, osati njerwa, adamangidwa zaka zoposa 1,000 nthawi ya Mose isanafike, ndipo manda a amisiri a ku Egypt amene adawamanga adapezeka pafupi pomwepo mu 1990. M'kati mwa piramidi mumalowedwa, koma njira yake ndi yopapatiza, yoyenda chowerama, yopanda mphepo. A kuthamanga kwa magazi tawaletsa. Pafupi ndi pamenepo pali nyumba yaikulu yosungiramo zinthu zakale, Grand Egyptian Museum, imene idatsegulidwa mu Novembala 2025. M'menemo muli chuma cha mfumu yachinyamata Tutankhamun, zinthu zoposa 5,000 zochokera m'manda ake amene Howard Carter adawapeza mu 1922. Amayi abusa mtima wawo uli pa tchalitchi cha Abu Serga, mu Cairo wakale, chimene chidamangidwa pamwamba pa phanga limene Akhristu a kumeneko amakhulupirira kuti Banja Loyera lidabisalamo.

Kuchoka apo tidzakwera sitima ya usiku wonse kupita ku Luxor. Ine chimene ndikufunitsitsa kukaona ndi kachisi wa Hatshepsut, yemwe uja a shehe adamutchula pa nkhani yachisoni ija. Ameneyu adali mkazi amene adalamulira Egypt monga Farao kwa zaka pafupifupi 20, zaka ngati 3,500 zapitazo, ndipo osema miyala ankamuika ndevu zachifumu pachibwano kuti afanane ndi mafumu anzake. Ndikufuna ndikaime pamenepo ndione ndevuzo. Malo onsewa tidzawayendera m'mamawa, dzuwa lisanakwiye, masana tidzapuma. Phiri la Sinai ena adalilirira, koma titamva kuti ndi lotalika mamita 2,285 ndipo limakweredwa usiku ndi tochi, olirawo adayang'ana mawondo awo n'kukhala chete.

Chatsala ndi munda. Nyengo yokomera mlendo ku Egypt ndi yomweyo imene kuno timayang'ana kumwamba kudikira mvula yobzalira, ndipo apongozi a mnzathu wina adafunsa molunjika kuti, "Kodi mapiramidiwo mudzadya?" Funsolo tidalilandira. Tidapangana kuti mayi aliyense asanagule dola ndi imodzi yomwe, mayi msungichuma akaone ndi maso kuti mbewu ndi feteleza zili m'nyumba, mizere yatha, ndipo fizi ya ana yalipidwa. Awiri adatsala pang'ono kulephera pamenepa, koma gulu lidakawathandiza kugalauza Loweruka liwiri. Mvula ikagwa ife tili kutali, anzathu asanu aja amene adatsala adzipereka kuyang'anira kubzala m'minda yonse 9, pamodzi ndi abambo ndi ana. Tidafuna kuwalipira, adakana. Apempha kuti tidzawabweretsere mpango umodzi umodzi, ndi chidede chouma cha ku Egypt, kuti adzachiphike pambali pa chathu aone chowawasa kwambiri ndi chiti.